Amene Anavula Mawu a Mayi Vea

Galimoto ya Mayi Kalolaine Vea inali ikufukabe pamene wapolisi, Sajeni Narelle Quilty, anafika kumunda wa mphesa Lachinayi m'mawa. Fungo la matayala opsa linasakanikirana ndi la mphesa zowolera m'mizere, moti anameza malovu kawiri asanatsegule kabuku kake. Woyatsa motowo sanavute kumupeza. Anali mlamu wa kontilakitala wolemba anthu othyola mphesa, ndipo anali kale m'chitokosi m'tauni ya Mildura, manja akununkha petulo, akupempha fodya. Chimene chinamuyendetsa Narelle chinali china: munthuyo anadziwa bwanji woti amuotchere?

Mayi Vea anali atakhala pa kreti pafupi ndi kalavani yawo yogonamo. Anachokera kutsidya la nyanja, ku zilumba za Tonga, kudzathyola mphesa nyengo yokolola. Masabata atatu apitawo anakalankhula pa podikasiti, pulogalamu yomvera pa intaneti, yotchedwa Pansi pa Mphesa, kuulula mmene kontilakitalayo amagonekera anthu khumi m'chipinda chimodzi ndi kuwasungira ziphaso zawo.

"Anandilonjeza, mwanangu," anatero mayiwo. "Anati mawu anga awaveka chigoba. Ndipo anawavekadi. Gawo litatuluka ndinadzimvera ndekha, ndinkamveka ngati bambo wolankhulira mumgolo. Ndinaseka mpaka misozi. Ngakhale amuna anga kwathu sakanandizindikira."

"Nanga Lachiwiri kunachitika chiyani, mayi?"

"Lachiwiri tili pa tiyi, mafoni onse m'mundamo anayamba kulankhula ndi mawu anga. Anga enieni, osavala kanthu. Aliyense anatembenuka."

Kachidutswako Narelle anali atakamvera kale pa foni. Kanali ka masekondi 47, ndipo kanaikidwa pa tsamba latsopano la pa Fesibuku lopanda mwini wodziwika, Lachiwiri nthawi ya 10:14 m'mawa.

"Tsiku lojambula munalimo angati m'chipindamo?"

"Atatu. Ine, Dimitra wa makina, ndi uja wandevu, Hamish, mwini podikasitiyo. Mafoni anatilanda pakhomo n'kuwatsekera m'chitini cha mabisiketi, akuti amasokoneza makina." Anakwinya nkhope ngati aluma mphesa yosapsa. "Wandevuyo anali ndi kachitsulo kophunzitsira agalu, kolira ukakadina. Ndikangoyamba kulira, iye tcha! 'Bwerezani pamenepo, mayi, koma msozi ubwere kumapeto.' Ine ndili ndi zidzukulu zisanu ndi chimodzi, mwanangu. Sindinaliziridwepo kachitsulo ngati galu."

Kuseri kwa kalavani kunaima amuna anayi a mapewa ngati zitseko, manja atapinda.

"Abale anu?"

"A kutchalitchi kwathu. Akungodikira dzina la amene anandigulitsa. Ndawauza kuti Mulungu alipo." Mayiwo anapukusa mutu. "Akuti alipodi, koma amachedwa."

* * *

Hamish Treloar ankajambulira m'galaja ya nyumba yake. Makoma anawakuta ndi mabulangete akale kuti mawu asamabwerere, ndipo mabulangetewo anali atamwa thukuta la zaka zitatu. Pansi panali mabotolo opanda kanthu a khofi wozizira wa mkaka, ena atachita nkhungu. Narelle anaganiza zopumira pakamwa, kenako anazindikira kuti ndiye azilawa.

"Narelle! Ndingakutchule Narelle, eti?"

"Sajeni."

"Sajeni, chabwino, ndalikonda, likumveka bwino pa maikolofoni." Anali ndi mawu osalala, otsika, a munthu amene amadzimvera yekha akamalankhula. Kachitsulo kaja kanali pa chingwe m'khosi, foni itasuzumira m'thumba la pachifuwa la malaya ake. "Ndasweka mtima. Sindikudya. Mayi Vena ndi ngwazi ya... " Tcha! Anadina kachitsuloko. "Mayi Vea ndi ngwazi ya chigwa chino. Pepani, chizolowezi. Ndikalakwitsa ndimadina, wodula mawu amaona chizindikiro n'kuchotsapo."

"Muno simukujambulidwa, Bambo Treloar."

"Munthu sudziwa," anatero akuseka. M'mimba mwake munalira motalika, ngati madzi akutsika m'paipi. Anapasisita n'kutsegula botolo lina.

"Lachiwiri 10:14 munali kuti?"

Tikiti inali kale pa tebulo, yowongoledwa bwino. "M'mwamba, Sajeni. M'ndege yopita ku Melbourne, kumsonkhano wa opanga mapodikasiti. Foni yozimitsa. Ndipo ngakhale ndikanakhala pansi, ine ndine mawu chabe. Tikamaliza kujambula, kadi imapita ndi Dimitra. Mawu osavekedwa chigoba ali ndi iye yekha. Ine ngakhale kutsegula makina akewo sinditha."

Maso ake ankathawira pa laputopu. Narelle anayang'ana nawo. Panali mzere umene unayenda chogona kwa miyezi yambiri, kenako n'kuimirira njo.

"N'chiyani chimenecho?"

"Omvera." Anayesa kuika nkhope ya maliro, koma milomo inamukana. "Gawo la Mayi Vea linatuluka bwinobwino, omvera 912. Anthu sasamala, Sajeni. Lero m'mawa 41,000. Zomvetsa chisoni kuti mpaka galimoto ipse."

"Zomvetsa chisoni zedi."

"Koma omvera anga ayenera kudziwa choonadi. Ndajambula gawo lapadera, Yudasi Pakati Pathu. Likutuluka lero, itangodutsa 5 koloko."

"Mukutchula dzina la Dimitra?"

"Dzina ndi msewu umene amakhala. Sindikonda kubisa zinthu."

Narelle anaganiza za amuna anayi aja kuseri kwa kalavani. Anayang'ana wotchi. Inali 12 koloko.

"Musalitulutse."

"Muli ndi kalata ya khoti?" anafunsa Hamish mokoma mtima. "Ngati mulibe, mungalole kuti ndikujambuleni mukunena zimenezo? Zingakome poyambira."

* * *

Jodie-Lee Nancarrow, wotsatsa podikasitiyo, Narelle anamupeza kumalo ogulitsira buledi akudya payi wa nyama ndi dzanja limodzi, lina likuyankha anthu pa foni. Sanadzutse mutu.

"Ine osandiyang'ana, Sajeni. Ine amandipatsa zophikaphika. Mawu a mgolo aja ndi amene ndinalandira, ndipo ndinawauza kuti sagulika. Ndani angagawire anzake bambo wolira mumgolo? Ndinayesa zithunzi, ndinayesa mpikisano wa chipewa, ndinapempha ngakhale amayi anga kuti alembe ndemanga. Anapereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Amayi anga enieni!"

"Ndiye kachidutswaka kakuthandizani."

"Kwambiri! Ayi, ndikutanthauza kuti n'zoipa. N'zoipa kwambiri. Koma mwaona mzere uja?"

"Ndauona. Lachiwiri 10:14 munali kuti?"

"Kwa dokotala wa mano, pakamwa yasa. Koma funso limenelo ndi la makedzana, Sajeni, musakhumudwe. Masiku ano palibe amene amaika chinthu ndi dzanja. Umachitchera dzulo lake, ngakhale sabata yatha, n'kuchiuza nthawi yotulukira. Chimatuluka chokha iwe uli m'bafa."

Narelle anasiya kulemba. "Ngakhale uli m'ndege?"

"Ngakhale uli m'bokosi." Jodie-Lee ananyambita msuzi pa chala. Kenako chalacho chinaima m'mwamba. "Mwati 10:14?"

"Eya."

"Ha. Imeneyo ndi nthawi yathu. Lamulo la Hamish: osatulutsa kanthu ola likangokwana, chifukwa aliyense amatulutsa nthawi imeneyo ndipo umamira m'gulu. Uzidikira mphindi khumi ndi zinayi. Anazimva kumsonkhano wina, amazikhulupirira kuposa Baibulo. Zathu zonse zimatuluka choncho. Lero ndi 5:14."

"Ndani amalidziwa lamuloli?"

"Tonse atatu. Dimitra amaliseka, koma amalidziwa." Anabwerera pa foni. "Ndimamumvera chisoni Dimitra. Koma mutu uja wa Yudasi ndi wabwino, musaname. Ndinaupeka ndine."

Narelle anasiya tiyi wake osamumwa. Tikiti ya ndege inali itasanduka pepala wamba. Koma kadi inali ikadali m'manja mwa munthu mmodzi.

* * *

Dimitra Karvelas anatsegula chitseko pang'ono, unyolo uli pomwepo. Iye ndi Narelle anaphunzira kalasi imodzi kusekondale, ndipo sanakondanepo kwenikweni.

"Wabwera kudzandimanga, Quilty? Fulumira. M'chitokosi mwina n'kotetezeka kuposa muno."

"Tsegula, Dimi. Kunja kuno kukutentha."

Pa tebulo la kukhitchini panali chikwama cholongedza theka. Dimitra anagwira ntchito pa wailesi zaka khumi ndi zisanu asanayambe kudula mawu a Hamish, ndipo ndiye amene ananyengerera Mayi Vea kuti alankhule. Iye ndi mayiwo ankagulitsana masamba pamsika wa Loweruka.

"Ndinawagwira dzanja," anatero. "Ndinawauza kuti mawu awo ndiwasunga ngati mwana wanga. Kadi ili m'kabati yokhoma, kiyi ali m'khosi mwangamu, nyumba sinathyoledwe. Ndiye ukufuna ndinene chiyani? Ngakhale ine ndayamba kudzikayikira."

"Kachidutswa kaja unakamvera?"

"Kamodzi, pa foni. Ndinasanza m'sinki."

"Pa foni pokha? Iwe, wa makutu odula chonchi?"

"Ukanakhala iwe ukanabwereza?"

"Bwereza. Ika kako ndi kobedwako pamodzi, ndione."

Dimitra anatukwana m'Chigiriki, koma anayatsa kompyuta. Mawu anaonekera ngati mizere iwiri ya mapiri, wina pamwamba, wina pansi. Wapamwamba unali wochokera pa kadi yake. Mapiri a mawu a Mayi Vea anali aataliatali, ndipo pakati pawo panali kamunga kakang'ono.

"Aka n'chiyani?"

"Kachitsulo ka agalu. Maikolofoni ya mayi inali pakamwa pawo, ndiye kachitsuloko kamamveka patali." Dimitra anatsitsa maso pa mzere wapansi.

Apa zinthu zinali chadodolido. Mawu a mayiwo anali timapiri tating'ono, pamene munga uja unatalika mpaka kugunda denga.

"Dimi?"

"Khala chete." Anavala mahedifoni. Anamvera, anabwezera m'mbuyo, anamveranso. Nkhope yake inasintha pang'onopang'ono, ngati ya munthu amene wapeza tsitsi m'chakudya atadya kale theka. Anavula mahedifoniwo n'kumuveka Narelle. "Foni sitha kutulutsa mawu apansi kwambiri. N'chifukwa chake chigwa chonse sichinamve. Tamvera kunsi kwa mawuwo."

Mayi Vea ankalira chapatali, akunena za ziphaso. Pafupi, m'khutu mwenimweni, nsalu inkakhwekhwereza. Munthu wina ankapuma ndi mphuno. Tcha! Narelle anadzidzimuka. Kenako kunabwera phokoso lina, lalitali, lonyowa, lotsika pang'onopang'ono ngati madzi m'paipi.

Anavula mahedifoniwo msanga n'kupukuta makutu ndi dzanja.

"Mimba imeneyo ndimaidziwa," anatero Dimitra motsitsa mawu. "Ndakhala ndikuidula zaka zitatu. Mkaka sumuyanja, koma samva. Gawo lililonse ndimachotsamo kulira kwake kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Koma pa maikolofoni imamveka ngati bingu la kutali. Kuti imveke chonchi, chojambuliracho chiyenera kukhala chitatsamira pa iyeyo."

"M'chitini cha mabisiketi munali mafoni angati?"

Dimitra anatseka maso. "Awiri. Yanga ndi ya mayi. Iye anati yake waisiya m'nyumba, ikutchaja."

"Ndiye sikachokera pa kadi yako."

"Sikachokera pa kadi yanga." Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Chitsiru chija chikanandipempha ndikanachiyeretsera. Koma sichidziwa n'komwe kuti mimba yake imamveka. Sichinaimvepo. Ndimaichotsa chisanamvere."

Wotchi ya pa kompyuta inkanena kuti 4:31.

* * *

Narelle anapeza Hamish atavala malaya ena, tsitsi atapesa, akudzijambula chithunzi pafupi ndi maikolofoni. Pa laputopu manambala ankawerenga chobwerera. Kunatsala mphindi khumi ndi zisanu ndi zinayi. Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Sajeni! Mwasintha maganizo? Mpando wa alendo ndi uwo."

"Ndabwera ndi kanthu koti mumvere. Valani mahedifoni anu abwino aja."

Anavala mokondwa. Narelle analumikiza foni yake n'kuyatsa kachidutswako, ndipo anamuyang'anitsitsa. Poyamba Hamish anaweramitsa mutu mwaulemu. Kenako nsidze zinakumana.

"Phokosoli n'lachiyani? Ngati chimbudzi chatsekeka."

"Ndinu."

"Pepani?"

"Ndinu, Bambo Treloar. Nsaluyo ndi malaya anu. Mphunoyo ndi yanu. Kachitsuloko kali pa chifuwa chanu, n'chifukwa chake kakuposa mawu a mayi. Ndipo chimbudzicho ndi khofi wanu wa mkaka."

Ngati kuti yaitanidwa kudzachitira umboni, mimbayo inalira pomwepo, mawu omwewo, kutalika komweko. Hamish anaigwira ndi manja onse awiri.

"Ndinali m'ndege."

"Munali m'ndege. Ndipo kanatuluka 10:14. Mukanasankha 10 koloko ngati munthu wamba, mwina ndikanakhulupirira. Koma munaopa kumira m'gulu." Narelle analoza thumba la pachifuwa. "Foni imeneyo ndiitenga. Anzanga a makompyuta amatha kudzutsa ngakhale zimene munthu anafufuta."

"Aliyense wodziwa ntchito amajambula kawiri, Sajeni. Makina akhoza kufa. Si mlandu kukhala wosamala."

"Ndiye munajambula."

"Kusungira chabe!"

"Kenako?"

Hamish anayang'ana mzere uja woimirira pa laputopu, ndipo mawu ake osalala aja anang'ambika. "Mukudziwa kuti 912 n'chiyani? Zaka zitatu! Anzanga ku Melbourne amafunsana manambala asanafunsane moni. Nkhani ya mayi uja inali yabwino kuposa zonse zimene ndinapangapo, ndipo inkafera mumgolo. Ndinaipulumutsa! Lero anthu 41,000 akudziwa za ziphaso zija. Ndinangoika masekondi 47, dzina sindinatchule, ndinkadziwa bwanji kuti wina ka..."

Anaima. Dzanja linakwera lokha kupita pakhosi.

Tcha!

Hamish anayang'ana kachitsuloko, kenako anayang'ana pakona pamene Dimitra ankakhala ndi makina ake. Mpando unali wopanda munthu.

Narelle anamaliza kulemba chiganizocho m'kabuku, mawu ndi mawu, mosafulumira. Kenako anatembenuzira laputopu kwa iye.

"Kwatsala mphindi khumi ndi imodzi. Chotsani Yudasi wanu, ine ndikuona."

Hamish anachotsa. Kompyuta inamufunsa ngati watsimikiza. Anatsimikiza. Manambala aja anazima.

Ali pakhomo, dzuwa likuwaswa kumaso, Hamish anatembenuka. Nkhope inali itayera, koma m'maso munali kale kanthu kena kakuyaka.

"Sajeni, funso limodzi. Kumeneko mukamandifunsa mafunso, mumajambula, eti? Zikatha zonsezi, ndingapatsidwe mawuwo? Anthu amakonda munthu wolapa."

Narelle anamuvula chingwe m'khosi ndi nsonga za zala ziwiri, ngati akutola chinthu cha m'ngalande, n'kuponya kachitsuloko m'kathumba ka umboni. Anaganiza za Mayi Vea pa kreti paja, ndi zidzukulu zawo zisanu ndi chimodzi.

"Timajambula," anatero, akutsegula chitseko cha kumbuyo kwa galimoto ya apolisi. "Koma kwathu kulibe wodula. Mukadzimva nonse, ndi mimba yomwe."